Chimbale cha rock chojambulidwa pabalaza ku Chigumula: momwe ntchito yayendera

18 Febuluwale 2023: poyambira

Tilipo anayi. Ine ndili pa gitala, achimwene ali pa bass, palinso mnyamata wa ng'oma ndi chemwali amene amaimba. Nyimbo zomwe takhala tikuimba m'malo ang'onoang'ono muno mu Blantyre zilipo 11, ndipo tagwirizana kuti 9 zilowe m'chimbale. Ndi rock ya mtundu umene amautcha alternative: magitala aukali, ng'oma zenizeni zomenyedwa ndi munthu, mawu a Chichewa. Amene amati nyimbo zotere n'zachilendo kuno amvetsere Zamrock ya ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Paul Ngozi wa Ngozi Family ankaimba Chinyanja gitala ikulira ndi fuzz, kachida kochititsa gitala kulira mosasa, ndipo kulira kumeneko n'kumene ife tikufuna.

Tayendera masitudiyo. Ambiri anawamanga poganizira woimba mmodzi ndi kompyuta: kachipinda koimbiramo, interface (kabokosi kolowetsa mawu a mamaiki m'kompyuta) yolandira mamaiki awiri, basi. Ng'oma zathunthu sizingalowemo. Kumene zingalowe anatiuza K150,000 pa tsiku, ndipo ife sitingamalize nyimbo 9 m'masiku ochepa. Choncho tijambula tokha.

M'thumba la gulu muli K1,200,000. Interface yolandira mamaiki 8 tabwereka kwa mnzathu amene amajambula makwaya, laputopu ndi yanga. Pulogalamu yojambulira tasankha Reaper, chifukwa laisensi yake ya anthu ang'onoang'ono ngati ife ndi $60 ndipo siilemetsa laputopu yakale. Watilipirira msuweni wa ku Johannesburg, ife tapereka K70,000 kwa mayi ake kuno.

25 Malichi 2023: Freddy

Chipinda chathu choyeserera chinali kumunsi kwa Chilobwe. Matope amene anatsika m'phiri la Soche ndi namondwe Freddy anapha anthu amene tinkapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku, kotero za zida zoimbira sitinaziganizire n'komwe mpaka sabata ino. Banja la mnyamata wa ng'oma lili moyo koma nyumba yawo inagwa mbali imodzi. Tatapa K200,000 m'thumba la chimbale kuti asamuke. Panalibe wotsutsa.

Ampu ya bass ndi ng'oma yaikulu ya phazi, kick, zinamira m'matope mpaka theka. Amene zingamuchitikire, chinthu choyamba asayatse ampu kuti aone ngati ikugwira. Wokonza mawailesi wa ku Limbe anaitsegula, anatsuka bolodi ndi madzi oyera kenako ndi spirit, n'kuiyanika mpaka kuuma gwa. Inadzuka. Sipika yokha ndiyo inafa chifukwa pepala lake linafewa n'kung'ambika, ndipo ina yogwiritsidwapo kale ntchito yatidyera K85,000. Kick inafufuma m'mphepete mmene mumakhala chikopa. Kalipentala anamata sandpaper pa galasi lathyathyathya n'kumazunguliza ng'omayo pamenepo mpaka mphepete inafanana. Anatilipiritsa K10,000.

13 Meyi 2023: chipinda

Amalume awo a achimwene a bass ali ndi nyumba ku Chigumula imene sanayambe kukhalamo. Pabalaza ndi papakulu, makoma a njerwa, pansi pa simenti, ndipo chofunika koposa, pali siling'i pansi pa malata. Anatilola mwa pangano limodzi. "Imbani mmene mungathere, adzukulu, koma mukamva kuti kwagwa maliro pafupi, zimitsani zonse." Lendi sakufuna. Tizigula mayunitsi a magetsi ndi kumuonjezera kangachepe mlonda.

Nditaomba m'manja pakati pa chipindacho, phokoso linabwerera likunjenjemera pakati pa makoma awiri oyang'anana. Tagula mabulangete a kaunjika, tabwereka matilesi anayi, tayala mphasa pansi pa ng'oma. Matilesi taimika m'makona chifukwa ndi mmene mawu okhuthala amaunjikana, mabulangete tapachika khoma limodzi lokha, motalikirako pang'ono ndi njerwa. Khoma linalo talisiya dala. Chipinda chikafa kwambiri, ng'oma zimamveka ngati zikuombedwa m'katoni, ndipo rock imafuna kuti chipinda chimveke. Mathireyi a mazira amene anthu amakhoma m'masitudiyo sitinawononge nawo ndalama: amadya timawu tapamwamba tokha, vuto lenileni n'kulisiya pomwepo. Zonse pamodzi K48,000.

3 Juni 2023: magetsi

Apa ndi pamene ntchito ikanathera, mwinanso ndi moyo wa munthu. Tsiku loyamba kulumikiza zida, chemwali anagwira nsambo za gitala yanga ndi dzanja limodzi uku milomo ikukhudza maiki, magetsi n'kuwaluma. Mu sipika munkamvekanso mkokomo wosaleka. Wamagetsi amene tinamuitana atatsegula masoketi anapeza kuti waya wa earth ulipo koma sukupita kulikonse, anangoupinda m'bokosi. Anakhoma ndodo ya kopa m'dothi kuseri kwa nyumba, pamalo pachinyezi, n'kulumikiza masoketi onse a pabalaza. Ndodo, waya ndi ntchito, K55,000. Ndikupempha aliyense woimba ndi magitala amagetsi: musamathyole kamwendo ka earth pa pulagi pofuna kuthetsa mkokomo. Phokoso limatha ndithu, koma magetsi akasochera, njira yawo yopitira pansi imakhala thupi lanu.

Mkokomo unachepa koma sunathe. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo phokoso lake limatulukira pa 50, 100, 150 kumakwera choncho. Lotsalalo linkabwera chifukwa laputopu ndi maampu zinali pa masoketi osiyana. Titazilumikiza zonse pa extension imodzi linatsika, ndipo nditazula chaja kuti laputopu iyendere batire lake, kunangoti zii.

Kuzimazima kwachepako chaka chino poyerekeza ndi chatha, pamene siteshoni yopanga magetsi ya Kapichira inali chiimire namondwe Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi 130 MW. Komabe sungadalire kuti nyimbo ikafika pakati magetsi akhalapo. Vuto lina ndi chigayo cha kumtunda kwa msewu: akachiliza, mababu amaphethira ndipo interface imaduka pa laputopu. Jenereta sitingagwiritse ntchito pojambula, imamveka m'mamaiki ngakhale ili patali, komanso petulo amasowa nthawi zina. Tinabwereka inverter ndi mabatire awiri a 100Ah. Inverter yoyambayo inali ya zotchipa zija za modified sine wave, ndipo ampu ya gitala inalira nayo moti sungajambule kanthu. Tachita hayala ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala, pa K60,000 pa mwezi. Tsopano timachaja mabatire usiku, masana timajambulira pa iwo okha, nyumba yonse itazimitsidwa. Ndi kachetechete amene sitinamumvepo pa magetsi a pakhoma.

24 Juni 2023: zikopa, nsambo ndi maiki yabodza

Zikopa za ng'oma za saizi yathu sitinazipeze m'tauni. Zabwera kuchokera ku Johannesburg ndi mayi wina wa geni amene amayenda pa basi: cha kick, cha snare (ng'oma yaing'ono yokhala ndi timawaya kunsi) pamwamba ndi pansi, ndi za ma tom awiri, K140,000 kuphatikiza yonyamulira. Nsambo za gitala mapaketi angapo, za bass paketi imodzi ndi timitengo ta ng'oma, K90,000. Zikopa zatsopano zasintha kulira kwa ng'oma kuposa maiki iliyonse imene tikanagula.

Pa maiki pomwepo taluza. Tinagula ina yolembedwa kuti Shure SM57 pa K45,000 m'sitolo ina, koma titaiyerekeza ndi yeniyeni ya mnzathu wa makwaya, yathuyi ndi yopepuka m'manja ndipo imalira mopyapyala. Ndi yongopanga anthu ena n'kuimata dzina. Wogulitsa wakana kuilandira. Mtengo ukatsika chonchi, tengani yeniyeni m'thumba mukaziyerekeze konko. Tiziigwiritsa ntchito polankhulana ndi wa ng'oma m'mahedifoni.

9 Julayi 2023: ng'oma zalowa

Tinayamba pa tchuthi cha pa 6 Julayi, kuli chiperoni, chifunga chitakuta Chigumula yense. Nyengo imeneyi ndi yabwino kujambulira: kulibe mvula yamphamvu yogogoda malata, ndipo ungatseke mawindo onse osakomoka ndi kutentha.

Mamaiki asanu anapita ku ng'oma, ndipo malo atatu otsala pa interface anali a bass yolowa mwachindunji kudzera pa DI (kabokosi kolumikizira gitala popanda ampu ndi maiki), gitala yongotsogolera ndi mawu ongotsogolera. Imodzi m'kati mwa kick, SM57 yeniyeni pa snare. Ziwiri za condenser tinaziika mwa njira ya Glyn Johns: ina pamwamba penipeni pa snare, ina kumbali pafupi ndi floor tom itayang'ana snare yomweyo. Chinsinsi chake n'chakuti zonse ziwiri zitalikirane ndi pakati pa snare mofanana. Tinayeza ndi chingwe chomanga mfundo. Zikasiyana ngakhale pang'ono, snare imafika pa maiki ina mochedwa ndipo ukaziphatikiza mphamvu yake imatha. Yachisanu tinaiika m'khonde la kuzipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo imeneyi ndiyo yatipatsa kukula konse kwa ng'oma. Tikujambula pa 48 kHz, 24-bit.

Zovuta zinali zing'onozing'ono koma zambiri. Pedulo ya kick inkalira kwii kwii, tinaithira oyilo wa makina osokera. Cymbal ina ili ndi mng'alu, tinaboola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, ngakhale kulira kwake sikunabwerere mwakale. Floor tom inkalira nthawi yaitali, kansalu ndi selotepi m'mphepete zinathetsa. Maiki ya m'khonde inkatola tambala wa kwa aneba, choncho m'mawa kwambiri tinkangokonza zida.

Mkangano waukulu unali wa click, kaphokoso kosunga liwiro m'mahedifoni. Mnyamata wathu anakulira pa ng'oma za kutchalitchi, kumene liwiro limatsatira mpingo. Nyimbo zowongoka anaziimba bwino ndi click. Koma tili ndi zitatu zimene kamenyedwe kake tinakatenga ku manganje, ndipo pa zimenezo click inamumanga manja. Zonse zinali m'malo mwake koma phazi la munthu silinkagwedezeka. Iye mwini anavula mahedifoni nati, "Achimwene, ndichotsereni kawotchi aka, muime apa ndizikuonani." Tinazimitsa click, achimwene a bass anaima moyang'anana naye, ndipo nyimbo zitatuzo zimathamanga pang'ono pa kolasi n'kubwerera. Kuthamanga kumeneko takusiya, ndi kumene kumaipatsa moyo nyimbo. Mtengo wake ndi woti sindingadule chidutswa pano n'kukachimata apo, ndiye aliyense wodzajambula pamwamba pake ayenera kuiloweza nyimboyo mmene inayendera.

Chakudya ndi galimoto yonyamula zida, K80,000.

19 Ogasiti 2023: magitala

Bass ya pa DI imene inalowa limodzi ndi ng'oma taisunga pafupifupi yonse. Tinangoitulutsanso kudzera mu ampu ija inamira n'kuijambula ndi maiki kuti ikhale ndi kaukali.

Gitala yanga inatichedwetsa. Ikachunidwa inkamveka bwino kumunsi, koma kumtunda kwa khosi inkasemphana ndi bass. Khosi linapindika ndi chinyezi cha dzinja lapitali. Mkulu wina wokonza magitala a m'mabandi anamanga truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosilo) pang'onopang'ono, n'kusuntha tizitsulo ta pa bridge mpaka noti ya pa fret 12 inafanana ndi ya nsambo yosagwira. K15,000. Iyi ndi ntchito yochita musanajambule noti ngakhale imodzi.

Ma pickup anga, tizida totola kulira kwa nsambo pa gitala, ndi a single coil, amene amatola mkokomo uliwonse fuzz ikayaka. Tinamata pepala la aluminiyamu m'kati mwa bowo la mawaya n'kulilumikiza ku earth ya gitala, mapedulo tinawachotsa pa adaputa n'kuwaika mabatire a 9V, ndipo ndinazungulira ndi mpando mpaka kupeza mbali imene phokoso limachepa. Pansi tinalembapo ndi choko. Gitala ya rhythm ndinkaiimba kawiri, ina kumanzere ina kumanja, ndipo gain, imene imaonjezera ukali wa gitala pa ampu, tinaitsitsa kuposa mmene ndimaikira pa siteji. Ikachuluka, magitala awiriwo amasanduka phala, makodi osamvekanso.

Kunagwa maliro nyumba yachitatu kuchokera pathu. Tinazimitsa zonse monga tinalonjezera, tinapita kukakhala nawo pa siwa, ndipo sitinayatse ampu mpaka sabata yotsatira. Inverter tinali titabweza kale mwezi wake utatha, choncho magitala otsala tinajambula Lamlungu, chigayo chitatseka.

21 Okutobala 2023: mawu

Kwatentha. Chemwali akuimbira pakati pa matilesi awiri, fani yozimitsa, motero timajambula m'bandakucha ndi madzulo okha. Chotchinga mpweya pa maiki tapanga ndi sokosi ya nayiloni ndi waya wa hang'ala.

Pa siteji phokoso limabisa zambiri. Mawu atamveka paokha tinazindikira kuti mizere ina inakhala molakwika pa nyimbo. Chichewa chimakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, koma mayimbidwe ena amene tinawapeka pa gitala ankagwetsera mphamvu pa silabulo yomaliza, chemwali n'kumamveka ngati mlendo amene waphunzira chinenero ali wamkulu. Iwo anakana kupitirira nazo, ndipo anali ndi mfundo. Tasintha mayimbidwe a mavesi m'nyimbo zinayi kuti atsatire kalankhulidwe, magitala osawakhudza. Nyimbo ya ku Chilobwe, imene chemwali anailemba pambuyo pa Freddy n'kulowa m'malo mwa ina yakale, anaiimba yonse mosadukiza ndipo pa vesi yomaliza mawu anawathawa pang'ono. Ndinafuna tibwereze, iwo anati ikhale momwemo. Yakhala momwemo.

11 Novembala 2023: kwacha yagwa

Reserve Bank of Malawi yatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Petulo wakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Tinali titagwirizana ndi katswiri wa ku Johannesburg wa mastering, ntchito yomaliza yosalaza ndi kufananitsa kulira kwa nyimbo zonse, pa R600 nyimbo imodzi. Nyimbo 9 zinali pafupifupi K340,000, lero zili cha m'ma K490,000, ndiye pa mtengo wa kubanki, kumene randi yake sungaipeze msanga. Tamupepesa. Tifufuza wa konkuno.

16 Disembala 2023: mphenzi

Mphenzi inagwa pafupi ndi kwathu usiku, laputopu ndi interface zili pa soketi. Chaja inapsa, adaputa ya interface ya eni ake inapsanso, ndipo laputopu itayaka, foda ya nyimbo imodzi inakana kutseguka. Chatipulumutsa ndi hard drive imene imagona kwa achimwene a bass ku Ndirande, yomwe timakoperamo zonse Lamlungu lililonse. Zatayika ndi mawu othandizira a nyimbo imodziyo, omwe tawajambulanso. Chaja ndi adaputa K70,000, kachida koteteza zida ku magetsi obwera mwamphamvu, kofanana ndi ka pa filiji, K25,000. Mvula ikayamba kugunda, zulani mapulagi. Kuzimitsa pa switch pokha sikukwanira.

10 Febuluwale 2024: mixing

Masipika a situdiyo ndilibe. Ndikusakaniza ndi mahedifoni, kenako nyimbo ndimakaiyesa kumene anthu athu amamvera nyimbo: pa foni yopanda mahedifoni, pa kasipika ka Bluetooth, m'galimoto ya mnzathu wa taxi, ndi pa sabuufa ya ku barbershop ya pafupi ndi kwathu. Malo aliwonse amaulula bodza lake.

Pa foni bass inasoweratu, chifukwa kasipika ka foni sikatulutsa mawu okhuthala. Kuikweza sikunathandize, kunangogwedeza magalasi a taxi. Chinathandiza ndi kuigawa pawiri: mbali yakumunsi yoyera, mbali yakumtunda yothiridwa distortion pang'ono, kuti khutu lizimva noti ngakhale pa foni. Kick nayo ndinaikweza cha pa 3 kHz kuti kugunda kwa pedulo kuzimveka. Mkokomo wotsalira pa magitala a Lamlungu aja ndinaudula ndi EQ (chokwezera kapena kutsitsira mbali imodzi ya mawu) yopyapyala pa 50, 100 ndi 150 Hz.

Tinalimbana kwambiri pa kukwera kwa mawu a woimba. Zimbale zambiri za rock zimene ine ndinakulira nazo zimakwirira woimba m'kati mwa magitala, ndipo ndimakukonda kumveka kumeneko. Koma ku barbershop bambo wina amene ankametedwa anamvetsera mpaka kumapeto nafunsa kuti, "Zikumveka zamphamvu, koma mayiwa akuti chiyani?" Mmalawi amamvera nyimbo kuti amve uthenga, ndipo ngati tinavutikira kulemba m'Chichewa, palibe chifukwa chobisira mawuwo. Sindinatsitse magitala onse. Ndinawachotsera pang'ono pakati pa 2 ndi 4 kHz, pamene amalimbana ndi mawu a munthu, ndipo pa mavesi ndinawatsitsa ndi dzanja mzere ndi mzere n'kuwabweza pa kolasi. Mnyamata wa ng'oma akuonabe kuti tafewetsa nyimbo ziwiri. Ine ndikuona kuti zikupweteka kwambiri tsopano popeza mawu ake akumveka.

Maiki ya m'khonde ija ndinaifinya kwambiri ndi compressor, yomwe imachepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, n'kuiika pansi pa ng'oma zinazo. Reverb ya pa kompyuta, yoyerekeza kumveka kwa chipinda, pa ng'oma sindinaikepo.

23 Malichi 2024: mastering ndi mapepala

Mastering wachita mnyamata wina wa ku Lilongwe pa K25,000 nyimbo imodzi, zonse K225,000. Anazolowera nyimbo za m'makalabu, choncho ulendo woyamba anazifinya mpaka snare inabisala. Tinakambirana mwaulemu. Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kuti zifike cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa phokoso), ndiye kufinya kopitirira sikupindula kanthu kumeneko, koma pa WhatsApp ndi pa flash palibe chotsitsa, ndipo nyimbo yofooka imanyozeka ikatsatana ndi zina. Tinakumana pakati, cha pa -10 LUFS, nsonga zosapitirira -1 dB. Watipatsa mafayilo a 24-bit a pa intaneti ndi a 44.1 kHz, 16-bit a CD. Mphindi imodzi ya WAV ya 48 kHz, 24-bit ndi pafupifupi 17 MB, ndiye chimbale cha mphindi 40 chimayandikira 700 MB. Tinkatumizirana ndi bandulo ya usiku.

Chithunzi cha pachikuto ndi kukonza kwake, K80,000. Makampani ofalitsa amalimbikitsa kuti chikhale cha mapikiselo 3000 x 3000, ndipo chikakhala ndi nambala ya foni kapena adiresi ya pa intaneti amachibweza.

Nyimbo tazilembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso m'Malawi. Pa fomu pamafunika kulemba amene anapeka ndi gawo la aliyense, ndipo nkhani imeneyi tinaikambirana titakhala pansi tonse. Mawu ambiri analemba ndi chemwali, makodi ambiri ndi anga, koma popanda kamenyedwe ka manganje kaja nyimbo zitatu sizikanakhalapo. Tagawana mofanana, 25 peresenti aliyense, ndipo tasainirana pepala lathu lapadera. Magulu ambiri amatha pa nkhani imeneyi ndalama zikayamba kubwera, choncho ndi bwino kuimaliza zisanabwere.

Kuti chimbale chifike pa Spotify, Apple Music, Boomplay ndi kwina, pamafunika kampani yofalitsa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ena amalipiritsa pachaka, ena kamodzi pa chimbale n'kumadulako gawo la ndalama zobwera. Iwo ndi amene amapereka manambala ozindikiritsa: ISRC ya nyimbo iliyonse ndi UPC ya chimbale. Ife tinasankha dongosolo lolola kusankha tsiku lotulutsira. Khadi langa la kubanki linakana kulipira madola, msuweni uja watipulumutsanso, ndipo tabweza K85,000. Tasankha Lachisanu pa 3 Meyi, popeza kuyambira 2015 nyimbo zatsopano m'maiko ambiri zimatuluka Lachisanu. Tatumiza msanga kuti tipeze mpata wopereka nyimbo imodzi kwa akonzi kudzera pa Spotify for Artists, zomwe zimafunika kuchitika masiku osachepera 7 chimbale chisanatuluke.

Thumba lauma. Chemwali atenga K400,000 ku banki m'khonde ya kwawo m'dzina la gulu, kuti tipangitse ma CD 100 pa K250,000 ndi kulipiriratu zida za pa tsiku lokhazikitsa.

5 Meyi 2024: chatuluka

Lachisanu m'mawa chimbale chinaoneka paliponse, koma pa tsamba limodzi lomvetserapo nyimbo chinakalowa pansi pa gulu lina la kunja la dzina lofanana ndi lathu. Talembera kampani yofalitsa, akuti akonza. Amene mukusankha dzina la gulu, lifufuzeni kaye pa masamba onsewa musanalikonde.

Dzulo tinakhazikitsa chimbale pa malo ena a muno m'tauni. PA (zida zokuzira mawu) ndi woiyendetsa K200,000, jenereta yodikirira K40,000, petulo malita 20 K50,600. Jeneretayo inagwira ntchito, chifukwa magetsi anazima tili pa nyimbo yachinayi. Mnyamata wa ng'oma sanaime, anthu anapitiriza kuomba m'manja mumdima mpaka maampu anadzukanso. Pakhomo panali K5,000, analipira anthu 140, eni malo anatengapo 30 peresenti ife n'kutsala ndi K490,000. Amalume anabwera, anakhala kutsogolo atatseka khutu limodzi ndi chala, ndipo potuluka anagula ma CD asanu.

Vuto la usikuwo linali woyendetsa PA, amene sanazolowere ampu ya gitala yolira pa siteji. Mawu a chemwali ankamira ndipo maiki inkalira. Titatembenuza ampu yanga kuti iyang'ane kumbali n'kuitsitsa, zinakhala bwino. Ulendo wina tidzafika masana kuti tiyese zida mokwanira.

15 Juni 2024: mmene zilili

Tsamba lija analikonza patatha pafupifupi milungu iwiri. Ndalama zonse zimene zalowa mu ntchitoyi zapitirira K1,700,000, osawerengera zija tinathandizira banja la mnzathu. Ma CD agulidwa 60 pa K5,000, ambiri ndi anthu ofuna kuti tisainepo, ena alibe n'choimbira chomwe. Njira imene ikuyenda ndi WhatsApp: munthu amatumiza K3,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, ife n'kumutumizira ma MP3 ndi mawu a nyimbo. Agula anthu pafupifupi 70. Ndikudziwa kuti mafayilowo akuyenda okha tsopano, ndawamva kale pa benchi ya oika nyimbo m'mafoni ku Limbe. Mnyamatayo ndinangomupempha kuti alembe dzina la gulu molondola.

Za pa intaneti tisayembekezerepo ndalama posachedwa. Kuyambira Epulo chaka chino, nyimbo imayamba kulandira kanthu pa Spotify pokhapokha itamvetseredwa ka 1,000 m'miyezi 12, ndipo mwa zathu 9, imene yadutsa pamenepo ndi ya ku Chilobwe yokha. Mawailesi tawapatsa. Kwina anatiuza kuti alibe pulogalamu yoti nyimbo zotere zingalowemo, kwina muulutsi anapempha ya fanta ndipo tinakana. Wailesi ina ya m'dera ikuiimba nyimbo ya manganje imodzi madzulo popanda kutipempha kalikonse.

Ngongole ya banki m'khonde tabweza yonse ndi chiwongoladzanja chake. Interface tabweza kwa mwini wake pamodzi ndi adaputa yatsopano. Amalume akulowa m'nyumba yawo mu Ogasiti, ndiye matilesi ndi mabulangete tikawachotsa Loweruka likudzali. Gulu lina la anyamata a ku Zomba latipempha kuti tiwathandize kujambula ng'oma za nyimbo zawo zinayi. Ndawauza kuti ayambe apeza wamagetsi akaone earth ya nyumba imene akufuna kujambuliramo, ndipo aitanitse zikopa mwezi uno kuti tijambule kusanayambe kutentha.